Ovaova ya digito: chida cha makomiti olondera pa nyanja ya Chiuta

Makomiti a m'madoko kuno kwa Ngokwe amadziwa kuti ulendo wokalanda makoka oletsedwa umalephereka nkhani ikangotsogola. Foni imatha netiweki pakati pa nyanja, pomwe pa ovaova wamba aliyense amene watchera tchanelo chomwecho amamva zonse.

Asilikali anakumana ndi vutoli kalekale. Kunkhondo mdani amamvetsera, apo ayi amaulutsa chiphokoso pa tchanelo chanu kuti musamvane. N'chifukwa chake wailesi zawo zimadumphadumpha. SINCGARS, ya asilikali a America, imasintha tchanelo koposa ka 100 pa sekondi imodzi, motsata ndondomeko yomwe wailesi za gulu lokhalo zikuidziwa. Wosokoneza akamati atseke apa, mawu adutsira kale pena. Hedy Lamarr ndi George Antheil analembetsa njira yotere mu 1942, ndipo lero Bluetooth ya m'foni mwanu imachitanso chimodzimodzi.

Tisanamizane, ovaova zambiri zomwe komiti ingakwanitse kugula sizidumpha choncho. Chomwe mitundu ina ya digito imachita n'kubisa mawu ndi kiyi wa manambala, moti wopanda kiyiyo samva kanthu. Si zonse zili nazo zimenezi, funsani wogulitsa musanapereke ndalama. Funsaninso za laisensi ku MACRA, makamaka poti Mozambique ili tsidya lomweli ndipo mafunde a wailesi sadziwa malire.

Polankhula, imikani mlongoti chilili. Dinani batani la m'mbali, dikirani sekondi imodzi, kenaka lankhulani mwachidule. Mukatha nenani "ova" n'kusiya batanilo, chifukwa mukaligwiririra anzanu onse sangayankhe. Malonje aatali asiyeni kumtunda, amangodya batire. Musadine batani mlongoti utachotsedwa, wailesi imatha kupsa.

Pamadzi mawu amafika patali kusiyana ndi m'mudzi momwe muli mitengo ndi nyumba. Akamadukaduka, kwerani pachulu kapena sunthirani poyera.

Tchajani wailesi pa sola usiku usanagwe, ndipo m'bwato muziisunga m'pepala la pulasitiki. Kiyi amudziwe anthu awiri okha a m'komiti. Wailesi imodzi ikatayika kapena kubedwa, uzani wapampando tsiku lomwelo kuti kiyi asinthidwe m'wailesi zonse zotsala, chifukwa woitolayo amamva chilichonse chomwe mukupangana.