Pakhonde pa Azakhali: Yosongoka ija isiye pomwepo

Zikomo Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 24 ndipo ndangoyamba kumene ntchito pa ofesi ina mu Limbe. Abwana andiuza kuti nsapato zamasewera asadzazionenso pakhomo pawo. Komanso mwezi wamawa ndikukaonekera kwa makolo a bwenzi langa. Chibadwire sindinagulepo nsapato yovalira suti, ndipo m'thumba simuli bwino. Ndaona ina yosongoka, yonyezimira kwambiri, yotsika mtengo. Ndigule?

Wothedwa Nzeru, Bangwe

Mwana wa achimwene anga,

Zaka 24 zonsezi, kutchalitchi, kumaliro ndi kuzinkhoswe za anzako unkapita utavala chiyani? Zothamangirazo? Abwana akowo Mulungu awadalitse, agwira ntchito imene bambo ako anaizemba.

Yosongoka ija isiye pomwe waionapo. Ndikuidziwa ine, ndaiona pamapazi a anyamata ambiri operekeza akwati. Kutsogolo kwake kumayang'ana kumwamba, mwini wake akali panja iyo yalowa kale m'nyumba. Kunyezimira kwakeko n'chifukwa choti ndi pulasitiki. Pakangopita masabata ochepa, pamene phazi limapindikira pamayamba kung'aluka ndi kusendeka, ndipo polishi salowa, ngakhale utakhula mpaka mkono kuwawa. Pulasitiki satulutsanso thukuta. Kutentha kwa mu Okutobala phazi limaphikika tsiku lonse. Ndiye taganiza, wafika kwa apongozi, akuyalira mphasa, uyenera kuvula. Ana onse athawira kuseri, nawonso agalu. Mbeta ithera pomwepo, mwanawe.

Funa ya chikopa chenicheni, ndipo kuchizindikira sikulira sukulu. Tembenuza lilime la nsapatoyo, kachikopa kaja kokhala pansi pa zingwe. Ngati kuseri kwake kuli kwa manyunyu, kokhakhala pang'ono, ndi chikopa. Ukaona kuti amatako nsalu kapena kathonje koyera, bweza. Dina ndi chala chachikulu pamwamba: chikopa chimachita timakwinya tating'onoting'ono kenako n'kubwerera. Nunkhizanso, usachite manyazi. Nsapato zambiri zochokera ku Ulaya zimakhala ndi tizithunzi m'kati kapena kunsi: kachizindikiro kooneka ngati chikopa cha ng'ombe choyanika kamatanthauza chikopa, pamene kadayamondi kamatanthauza zinthu zina zopanga, monga pulasitiki.

Ukatero itembenuze uone soli. Yabwino ndi yosoka, chifukwa ikatha mmisiri amaichotsa n'kuika ina, pamwamba pali bwinobwino. Koma chenjera, opanga anachenjeranso. Amaumba soli ya labala yokhala ndi timizere tooneka ngati ulusi, chonsecho angomata ndi guluu. Kanda ndi chikhadabo. Ulusi weniweni umamveka, ndipo umaoneka kuti walowa uku n'kutulukira uko. Ukaona polembedwa kuti Goodyear welted, kapena maina ngati Loake ndi Church's, mafakitale akalekale a m'dera la Northampton ku England, nkhope yako isasinthe. Venda akangoona mano ako, mtengo wakwera. Ingoti, "Aaa, koma yatha iyi," kenako uyambe kunenerera.

Inde, ndikukutuma pa kaunjika. Usakwinye nkhope, mabwana ambiri amene umawagwadira m'tauni muno amavala za m'belo, kungoti amatuma munthu. Msika wa Limbe uli pafupi ndi ofesi yako, masitolo a DAPP aliponso. Ngati mtima wako ukufuna yatsopano ya m'bokosi, lowa mwa Bata ufunse ya chikopa, ndipo uiyese monga ndakuuziramu. Nsapato yabwino imene wina anaivalako pang'ono imaposa yatsopano ya pulasitiki kutalitali.

Pa kaunjika pamafunika maso. Anyamata a pamenepo ndi akatswiri, nsapato yotopa amaisambitsa, kuidaya, ming'alu n'kuitseka ndi polishi wambiri. Ipinde pang'ono uone ngati pamwamba pakutseguka. Soli yakutha imakonzeka, chidendene chodyeka mbali imodzi chimakonzeka, koma chikopa chong'aluka chilibe mankhwala. Pisa dzanja m'kati, upapase kuchidendene ngati sikunabooke. Ndipo ziike pamodzi ziwirizo, uziyang'anitsitse. Alipo anzako anafika kunyumba ndi yakumanja 42, yakumanzere 43, ina yakuda bii, inzake yoderako.

Tsopano za kukula kwake, pamene anyamata mumapusitsidwa kwambiri. Pita masana kapena chakumadzulo, chifukwa phazi limafufuma ukayendayenda. Tenga masokosi amene uzidzavalira, osati kuyesa ndi jumbo ya venda. Vala zonse ziwiri, umange zingwe, uimirire, uyende mpaka pa benchi ya wogulitsa tomato ndi kubwerako. Kutsogolo kwa chala chachitali kutsale mpata wokwana chala chachikulu cha kudzanja, ndipo chidendene chisamavuke poyenda. Nambala usaikhulupirire kwambiri: 8 ya ku Britain imayandikana ndi 42 ya ku Ulaya, koma fakitale iliyonse ili ndi chikombole chake. Venda akakuuza kuti "ikula imeneyi bwana, ingoivalani," dziwa kuti chikopa chimatambasuka pang'ono m'mbali basi, m'litali ayi. Ukamumvera udzayenda ngati nkhuku yomangidwa miyendo, matuza ali mbwee.

Mapazi a kwathu ndikuwadziwa, ndi otambalala, anakulira pa dothi. Choncho funa imene mbali zake zomangira zingwe zimatseguka momasuka, imene amaitcha Derby. Inzake ija ya Oxford, yotsekeka kumunsi kwa zingwe, ndi yaulemu kwambiri pa suti koma imafinya phazi lokwera pamwamba. Mtundu ukhale wakuda, kutsogolo kobulungira, yopanda zitsulo kapena timabelu. Yakuda imalowa paliponse, ku ofesi, ku ukwati, kumaliro. Yofiirira udzagula ukadzakwezedwa pantchito. Lamba akhalenso wakuda. Masokosi oyera ndi a ana asukulu.

Ukaipeza ya soli ya chikopa, usanaivale pita nayo kwa wosoka nsapato akumatire kalabala kopyapyala kunsi. Misewu ya ku Bangwe sinapangidwire soli ya chikopa, ndipo dzinja likafika udzatsetsereka pamaso pa anthu pa siteji ya minibasi. Ikanyowa usaiike pambali pa mbaula kapena padzuwa, chikopa chimauma gwaa n'kusweka. Ifutse nyuzipepala zakale m'kati, iume yokha pamthunzi. Kachitini ka Kiwi ndi bulashi ugule tsiku lomwelo, ndipo uzipukuta fumbi usanapake polishi. Kupolishako uzichita wekha, mlongo wako si wantchito wako. Loweruka ndi Lamlungu ngati sukupita kutchalitchi ipumitse, zothamangira zija zigwire ntchito.

Ndalama ikatsalako usathamangire peyala yachiwiri yotchipa. Sunga, chidendene chikangoyamba kudyeka ukaikitse labala wina msanga, chisanapendeke.

Malipiro akangolowa, pita wekha kumsikako. Anzako amene angakuuze kuti yosongoka ndiye yadhilu uwasiye kunyumba.

Ndine,
Azakhali ako