Batire la thirakitala yoimikidwa: mafunso a omvera a ku Chigwa cha Shire

Funso lochokera ku Nchalo: Thirakitala yonyamula nzimbe imaima nyengo yonse ya dzinja. Nanga batire limatha bwanji moto pomwe palibe amene akuiliza?

Yankho: Batire la asidi limataya moto palokha ngakhale litangokhala, ndipo kutentha kumafulumizitsa zimenezi. Kukawonjezeka ndi madigiri 10, moto umatha mwamsanga pafupifupi kawiri. Ku Nchalo ndi ku Ngabu, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, vutoli ndi lalikulu kuposa ku Thyolo. Batire lodzaza limaonetsa mavolti 12.6 pa mita. Likatsika pansi pa 12.4 n'kukhala choncho milungu ingapo, timbale ta mtovu ta m'kati mwake timamera zoyera zolimba, ndipo kutchaja sikulibwezeranso mphamvu yake yonse. Mwini thirakitala ayambe watchaja batire mpaka lidzaze, kenako amasule waya wa chizindikiro chochotsera, asanakhudze winayo. Pamwamba pa batire apukute, chifukwa fumbi lonyowa limaba moto. Zobiriwira za pamitu zimachoka ndi soda wophikira therere wosungunula m'madzi, bola asalowe m'kati. Lisungidwe pamthunzi podutsa mphepo, kutali ndi mbaula kapena wosuta fodya, ndipo liziyezedwa mwezi ndi mwezi.

Funso lochokera ku Bangula: Kodi kuliza injini mphindi khumi sabata iliyonse sikokwanira?

Yankho: Ayi. Kuliza kumadya moto wambiri, ndipo injini yongolira itaima siubweza wonse m'mphindi zochepazo. Dizilo amangopita pachabe.

Funso lochokera ku Makhanga: Kumene kulibe magetsi a ESCOM munthu angatani, nanga madzi a batire akachepa athiremo a pamjigo?

Yankho: Sola yaing'ono ya mawati 10 kapena 20 imakwanira, koma idutse pa kachipangizo koletsa moto wopyola muyeso, apo ayi dzuwa la kuchigwa limaumitsa batire. Madzi a pamjigo asathiridwemo, makamaka poti mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi Nsanje imatulutsa madzi amchere, omwe amawononga timbale. Oyenera ndi madzi a batire ogula m'botolo, othira mpaka timbale timire. Asidi sawonjezera. Kumadera osefukira, monga mmene zinalili ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023, batire lichotsedwe m'thirakitala mvula isanayambe n'kuikidwa pathandala lokwera.