Yankho kwa achemwali a ku Thyolo

Mwafunsa ngati digiri yachiwiri ya zoteteza mbewu ili ndi tsogolo. Ine ndikuti pitani, musazengereze ayi! Inu nomwe mudaona mmene chisaka chidathera nthochi kwanuko: masamba kungounjikana kunsonga, mkoko osatuluka. Matendawa amafala ndi nsabwe za nthochi komanso mbewu yodwala, ndiye pamafunika munthu wowadziwa bwino. Nanga ntchemberezandonda zija zidavuta mu 2017, zobisala mumtima mwa chimanga? Mpaka lero alimi akulira nazo.

Kafunseni ku LUANAR, ku Bunda kuja. Akatswiri a zoteteza mbewu amagwira ntchito kumalo a kafukufuku a ku Chitedze ndi ku Bvumbwe, m'maesiteti a tiyi, ngakhalenso m'zipata za dziko poyeza mbewu zolowa. Koma masamu a kafukufuku muwalimbikire kuyambira pano.