PHUNZIRO LA ZIWETO: NJOKA ZA M'MIMBA MWA MBUZI NDI NKHOSA

Amayi, m'makomo ambiri kuno ku Phalombe mbuzi ndiyo banki ya banja. Mwana akafuna fizi, feteleza akafunika, kapena matenda akagwa pakhomo, timathamangira kukhola. Koma chaka ndi chaka mbuzi ndi nkhosa zimaonda ndi kufa m'miyezi ya mvula, nthawi imene msipu uli ponseponse. Kawirikawiri chimene chimazipha ndi njoka za m'mimba. Phunziro lino likutionetsa kumene njokazi zimachokera ndi zimene mayi aliyense angachite ndi manja ake.

Njokazi zimalowa bwanji?

Yoopsa kwambiri ndi imene akatswiri amaitcha Haemonchus. Ndi yaying'ono ngati kaulusi, yotalika masentimita 2 kapena 3, ndipo imakhala m'chifu n'kumayamwa magazi. Njoka 1,000 zimatha kuyamwa magazi odzaza masupuni a tiyi 10 pa tsiku. Yaikazi imodzi imaikira mazira oposa 5,000 pa tsiku, ndipo mazirawo amatuluka ndi ndowe.

Kukakhala kotentha ndi chinyezi, mazira amaswa, ndipo pasanathe sabata timphutsi tosaoneka ndi maso timakwera pa udzu wonyowa. Mbuzi ikadya udzuwo yameza timphutsito. Pakatha masabata atatu tayamba kale kuikira mazira m'mimba mwake.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Kuyambira Disembala mpaka kukolola timamangirira mbuzi kuti zisadye mbewu za anthu. Tikakhomera chikhomo pamalo amodzimodzi masiku ambiri, mbuzi imachita ndowe pomwe ikudyapo, ndiye imabwezera m'mimba njoka zake zomwe.

Palinso njoka za m'chiwindi, zophwathalala ngati katsamba. Izi zimafalikira kudzera mu tinkhono ta m'madzi osayenda. Ziweto zimazitenga zikamadya m'madambo, makamaka m'chilimwe pamene kumtunda kwauma ndipo msipu watsala m'mbali mwa mtsinje wa Phalombe ndi kumadambo a nyanja ya Chilwa.

Tingadziwe bwanji kuti chiweto chagwidwa?

1. Chimaonda ngakhale chikudya bwino, ndipo ubweya umanyankhalala.
2. Chimafooka n'kumatsalira m'mbuyo mwa zinzake.
3. Pansi pa chibwano pamatupa ngati muli madzi.
4. M'kati mwa chikope cha m'munsi mumayera.
5. Zina zimatsekula m'mimba, koma mbuzi yoyamwidwa magazi ikhoza kufa ndowe zake zili zabwinobwino.

Chizindikiro cha chikope ndicho chodalirika. Ku South Africa madokotala a ziweto anakonza njira yotchedwa FAMACHA m'zaka za m'ma 1990, dzina lochokera kwa Dr. Faffa Malan. Amayerekeza m'kati mwa chikope ndi kakhadi ka mitundu isanu, kuyambira wofiira mpaka woyera. Ngakhale tilibe kakhadiko, tikhoza kutengera mbuzi powala, kutsitsa chikope ndi chala, n'kuona. Chikakhala chofiira, magazi alimo. Chikayamba kumbuwa kapena kuyera, mbuziyo ikufuna mankhwala msanga. M'dzinja tizichita zimenezi masabata awiri alionse.

Ifenso amayi ndife timatsuka zam'kati mbuzi ikaphedwa. Tikaona timatenda tolimba ngati timiyala m'matumbo, kapena chiwindi cholimba chokhala ndi mitsempha yoyera yotupa, tidziwe kuti zotsala m'khola nazonso zili pangozi.

Kupewa

1. Sunthani chikhomo pakatha masiku atatu, timphutsi tisanakhwime, ndipo musabwerere pamalo akalewo mpaka patatha masabata asanu kapena asanu ndi limodzi.
2. Musatulutse ziweto mame asanaume. Timphutsi timakwera udzu ukakhala wonyowa.
3. Pewani udzu waufupi wodyedwa kale, chifukwa timphutsi tambiri timakhala m'munsi, pafupi ndi nthaka.
4. Mbuzi mwachibadwa imakonda kudya masamba a m'mwamba. Idulireni masamba a nandolo, amene timalima kwambiri kuno, ndi a lukina, n'kuwapachika kuti asagwe pansi.
5. Mangani khola lam'mwamba lokhala ndi mipata pansi kuti ndowe zizigwera kunja. Ndowezo muziunjike ziwolerane zisanapite kumunda.
6. Muzimwetsa ziweto madzi a pamjigo kapena pachitsime m'chidebe, osati m'zithaphwi.
7. Mbuzi yogula pamsika kapena yolandira imwetsedwe mankhwala ndi kukhala payokha masiku atatu isanasakanikirane ndi zinzake. Izi n'zofunika kwa mabanja amene akudzazanso makola awo chichokereni namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, amene anapha ziweto zambiri m'boma lino.

Za mankhwala

Mankhwala odziwika ndi albendazole, levamisole ndi ivermectin. Si onse amene amapha njoka za m'chiwindi, choncho funsani mlangizi wa ziweto ku EPA ya kwanu, monga Naminjiwa, Nkhulambe kapena Waruma, musanagule.

Kumbukirani zinthu zinayi. Choyamba, mulingo umatsata kulemera kwa chiweto, ndipo wa mbuzi umakhala wokulirapo kuposa wa nkhosa yolemera mofanana. Kugawa mankhwala a mbuzi imodzi kwa mbuzi ziwiri si kusunga ndalama: njoka zolimba zimapulumuka, zimaswana, kenaka mankhwalawo amaleka kugwira ntchito. Alimi a nkhosa ku South Africa anakumana nalo vuto limeneli. Chachiwiri, si bwino kumwetsa khola lonse mwezi ndi mwezi. Yambani ndi zimene chikope chayera, zoonda, tiana tongoleka kuyamwa ndi zazikazi zimene zangobereka, chifukwa izi ndizo zimagonja msanga. Chachitatu, albendazole asaperekedwe kwa mbuzi imene yangotenga bere, akhoza kuononga mwana m'mimba. Chachinayi, musadye nyama kapena kumwa mkaka wa chiweto chomwetsedwa mankhwala mpaka atakwana masiku olembedwa pabotolo.

Botolo limodzi limakwanira ziweto zambiri, ndiye amayi a m'mudzi umodzi akhoza kusonkherana, kugula limodzi, n'kuitana mlangizi tsiku limodzi.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Kodi kwathu mbuzi zimafa kwambiri mwezi uti? Nanga pa nthawiyo zimadyera kuti?
2. Pakhomo panu amamangirira mbuzi ndani? Kodi ana athu akudziwa chifukwa chosunthira chikhomo?
3. Ngati malo odyetsera ndi ochepa, ndi masamba ati amene tingadulire mbuzi?

Ntchito ya kunyumba: aliyense ayang'ane zikope za mbuzi ndi nkhosa zake zonse sabata ino, ndipo adzatiuze pa msonkhano wotsatira kuti ndi zingati zimene wapeza zoyera.