Mwana Wosamva Apatsidwe Chinenero Msanga

Amayi, mwana wakumva amaphunzira zambiri popanda womuphunzitsa. Ali kumsana amamva mayi ake akunenerera mtengo wa tomato, agogo akunena kuti mvula igwa mawa, mkulu wake akudzudzulidwa chifukwa cha bodza. Mawu amenewa amamuthandiza kusanja zinthu m'mutu mwake. Mwana wobadwa wosamva, kapena amene adagontha asanayambe kulankhula, zonsezi zimangomudutsa. Mwa ana osamva 100 alionse, oposa 90 amabadwa kwa makolo akumva, amene sadziwa chinenero chamanja. Motero mwana amakula pakati pa anthu omukonda, koma alibe wocheza naye.

Kodi nzeru zake n'zochepa?

Ayi. M'chaka cha 1966, Hans Furth, katswiri wa za kaganizidwe pa Catholic University of America, adatulutsa buku lotchedwa Thinking Without Language. Iye adaonetsa kuti ana osamva akapatsidwa ntchito zosafuna mawu, monga kusanja zinthu zofanana, kawirikawiri amachita ngati anzawo akumva. Mutu wa mwanayo uli bwinobwino. Chimene chimamubweza m'mbuyo n'kusowa chinenero.

Mbuzi mutha kuiloza ndi chala, mwana n'kuidziwa. Nanga "dzana", "ngongole", "mwina" kapena "chifukwa" mungaziloze bwanji? Zinthu zosaoneka ngati zimenezi zimafika m'mutu kudzera m'chinenero. Tione zitsanzo ziwiri.

Choyamba ndi kuwerengera. Ku Nicaragua kudachitika kafukufuku, amene adafalitsidwa mu 2011, pakati pa akuluakulu osamva omwe sadaphunzire chinenero chilichonse, koma ankangogwiritsa ntchito zizindikiro zapakhomo pawo. Ndalama ankazidziwa, koma zinthu zikapitirira 3 ankangoyerekeza kuchuluka kwake. Osamva amene adaphunzira chinenero chamanja ankawerengera molondola.

Chachiwiri ndi kuzindikira maganizo a ena. Mwana akafika zaka 4 kapena 5 amadziwa kuti mnzake angathe kukhulupirira chinthu chimene si choona. Ana osamva obadwa kwa makolo osamva, amene amalankhulidwa ndi manja kuyambira ali khanda, amafika pamenepa nthawi yofanana ndi ana akumva. Amene adapeza chinenero mochedwa amachedwanso kufikapo. Onsewa ndi osamva. Chowasiyanitsa ndi msinkhu umene adayambira kucheza.

Ubongo umalandira chinenero mosavuta m'zaka 5 zoyambirira. Zakazi zikadutsa mwana alibe mawu a pakamwa kapena a manja, angathe kuphunzirabe, koma movutikira, ndipo zina sazigwira bwino mpaka kukula.

Izi zikutikhudza ife amayi. Mtsikana wosamva amene alibe chinenero akatha msinkhu, mudzamulangiza bwanji za kusamba? Wina akamugwiririra, adzaneneza bwanji kuti ndi uje, lidali tsiku lakuti? Akadzafika ku chipinda chochilira, adzamuuza bwanji mzamba kuti mwana wasiya kugunda kuyambira dzulo?

Zizindikiro zoti tizione

Pa miyezi 3, mwana sadzidzimuka chitseko chikamenyetsedwa. Pa miyezi 6, satembenukira kumene kukuchokera mawu. Pa chaka chimodzi, sacheuka mukamuitana dzina muli kumbuyo kwake. Pa zaka 2, salumikiza mawu awiri monga "amama madzi". Khalaninso tcheru ngati mwana adabadwa masiku osakwana, adadwala chikasu chachikulu ali khanda, matenda oumitsa khosi, malungo a mu ubongo, chikuku, kapena ngati khutu limatuluka mafinya kawirikawiri. Tisamangoti "bambo akenso adachedwa kulankhula". Nenani kusikelo, ndipo pemphani kuti akamuyeze makutu. Kuyeza kumachitika pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi pa ABC Hearing Clinic ku Lilongwe.

Zoti tichite pakhomo

Yambani kucheza naye lero, musadikire sukulu. Mugwireni paphewa, akuyang'aneni, nkhope yanu ikhale powala. Chinthu chilichonse chikhale ndi chizindikiro chake chosasinthasintha, ndipo onse a m'nyumba achidziwe. Musalekere pa "idya" ndi "bwera". Werengani naye mazira, musonyezeni kuti mbale yasweka chifukwa idagwa, muuzeni kuti agogo akwiya ndiponso chimene chawakwiyitsa.

Zizindikiro zapakhomo n'zoyambira chabe. Mwana afunika chinenero chamanja chenicheni, chimene chili ndi malamulo ake monga Chichewa, ndipo aphunzitsi ake abwino ndi akuluakulu osamva. Bungwe la anthu osamva la MANAD lingakulozereni kumene ali. Sukulu za ana osamva ziliko ku Maryview ku Nguludi, Mua ku Dedza, Mountain View ku Bvumbwe ndi Embangweni ku Mzimba. Musaope kuti manja amulepheretsa kulankhula. Ngakhale mwana wovala kachipangizo kothandiza kumva amapindula nawo. Ndipo tileke kumutcha "bubu" kapena "gonthi". Mwanayo ali ndi dzina lake.

Mafunso okambirana pagulu

1. Kodi m'mphakati mwathu muli ana angati osamva, ndipo ndi angati ali pasukulu?
2. Ndani mwa ife angayambe kuphunzira chinenero chamanja chaka chino?
3. Atsikana osamva a m'dera lathu amalangizidwa ndi yani?