Phunziro: Chingwe Chimodzi, Mauthenga Ambiri

Phunziro likakhudza makina, ambiri a ife timathawira ku Chipwitikizi, ndipo ana amangoloweza mawu osamvetsa chimene chikuchitika. Pano tiona mmene chipangizo chotchedwa multiplexer chimagwirira ntchito, ndiponso mmene tingachifotokozere m'Chinyanja.

Chimene chimachitika

Tiyerekeze kampani yokhala ndi maofesi ku Tete ndi ku Beira. Antchito amaimbirana mafoni, makompyuta nawonso amatumizirana mauthenga. Kupatsa foni iliyonse chingwe chakechake kungadye ndalama zambiri. Multiplexer imasonkhanitsa zonsezi pa chingwe chimodzi, ndipo inzake ya kumapeto imazilekanitsanso.

Poyamba liwu limasandutsidwa manambala. Makina amaliyeza ka 8,000 pa sekondi, ndipo muyezo uliwonse umalembedwa ndi mabiti 8. Motero foni imodzi imafuna mabiti 64,000 pa sekondi. Chingwe cha mtundu wa E1 chimanyamula mabiti 2,048,000 pa sekondi, ogawidwa m'mipata 32 yosinthana nthawi. Mpata wa 0 umasonyeza poyambira kuwerenga. Wa 16 kawirikawiri umanyamula zizindikiro za kuimba ndi kudula foni. Mipata 30 yotsalayo kampani ingaigawe mmene ikufunira, monga 20 ya mafoni ndi 10 ya makompyuta.

Njira yogawana nthawiyi m'mabuku imafupikitsidwa kuti TDM. Tichenjeze ophunzira kuti asaisokoneze ndi kampani yakale ya Telecomunicações de Moçambique, imene inkadziwika ndi zilembo zomwezo.

Zochita m'kalasi

1. Ana atatu alandire mawu awa: MUDZI, NSIMA, GALU. Chilembo chilichonse chikhale pa kapepala kake.
2. Mwana wachinayi ndiye wosonkhanitsa. Aponye kamwala m'nsungwi yoboola, kenako kapepala kamodzi kuchokera kwa aliyense motsatana, nayambirenso.
3. Wachisanu alandire kumapeto, aike timapepalato pa milu itatu mwa kuwerenga basi.
4. Pa ulendo wachisanu GALU watha. Mwini wake aponye kapepala kopanda kanthu, kuti malo ake asalandidwe.
5. Tibwereze popanda kamwala, titabisa kapepala kamodzi. Mawu onse otsatira asokonezeka.

Ana afotokoze okha zimene aona. Mawu monga "kusinthana", "mpata" ndi "wosonkhanitsa" atuluke m'kamwa mwawo, ndipo tiwalembe pa bolodi. Dzina la Chipwitikizi, *multiplexador*, libwere pomaliza, chinthucho atachimvetsa kale.

Mafunso okambirana

1. Kodi mipata 10 ya makompyuta imanyamula mabiti angati pa sekondi?
2. Kamwala kakuimira mpata uti pa E1?
3. Kapepala kopanda kanthu kakutiphunzitsa chiyani za chingwe pamene foni ili chete?
4. Ndi dzina liti la Chinyanja limene tingapatse chipangizochi, ndipo chifukwa chiyani?