Masamba a Mango Akafiira M'mwezi wa October

M'makomboni a Lusaka, monga ku Kanyama, ku Chawama ndi ku Matero, nyumba zambiri ziri ndi mtengo wa mango pabwalo. Caka ndi caka, pofika September ndi October, eni ace amaona masamba atatuwa ndi kufiira monga awauka ndi moto. Ambiri amati ndi dzuwa cabe. Koma kawirikawiri imeneyi ndi nchito ya tiakangaude tofiira, tating'ono zedi kotero kuti munthu amationa mobvutikira. Timakhala pamwamba pa tsamba ndi kuyamwa madzi ace.

Tizirombo timeneti siticuruka caka conse. M'miyezi ya cisanu, June ndi July, timaswana pang'onopang'ono. Kukayamba kutentha, dzira limaswa ndipo kamwanako kamakula ndi kuyamba kuikira mazira pasanathe masabata awiri. Fumbi la m'miseu ya m'komboni, limene limakuta masamba, limatithandizanso. Mvula yamphamvu ya November ndi December ndiyo imatikokolola.

Pa mtengo womwewo pali adani ao. Alipo akangaude ena ang'onoang'ono, otuwa, othamanga msanga, amene nchito yao ndi kudya tofiirato ndi mazira omwe. Kaliponso kacikumbu kakuda, kukula kwace ngati mutu wa phini, kamene kamacita cimodzimodzi. Koma adani amenewa amacuruka mocedwa, pakuti sangaswane kwambiri cakudya cao cisanacuruke. Motero pamapita masabata angapo mwini mtengo akuona kuonongeka kokha, thandizo lisanaoneke.

Apa ndi pamene ambiri amalakwa. Munthu amathamangira kumsika nagula mankhwala opha tizirombo ta mitundu yonse, nawaza mtengo wace. Mankhwala otere amapha adani aja, koma mazira a tofiirato ambiri amatsala. Akaswa sapezanso wowadya, ndipo bvuto limakula kuposa poyamba. Ndarama zapita, mtengo sunacire, ndipo ana amene amasewera pansi pace apuma mankhwalawo pacabe.

Mphamvu ya adani ang'ono otere inaoneka bwino pa cinangwa. Kangaude wobiriwira woononga cinangwa anapezeka ku Uganda mu 1971 nafalikira m'maiko ambiri. Mu 1993 akatswiri a IITA anamasula ku Benin kangaude wina wocokera ku Brazil amene amadya woonongayo, ndipo pambuyo pace anabwera naye ku Zambia kuno. Kumene anakhazikika, woonongayo anacepa popanda mankhwala.

Mtengo waukulu wa mango umapirira kufiira kwa masamba kufikira mvula itagwa, ndipo suyenera kuwazidwa kanthu. Wofuna cisamaliro ndi mtengo waung'ono wobzalidwa kumene. Mwini wace authirire pa tsinde, ndipo atsuke masamba ace ndi madzi kawiri pa sabata m'mawa kuti fumbi ndi tizirombo zicoke. Madzi ndi obvuta m'makomboni ambiri, koma otsala potsukuluza zobvala akwanira. Masamba akapitirira kuuma mvula itagwa kale, mwini mtengo athyole ocepa napite nawo kwa mlangizi wa zaulimi, kapena ku Mount Makulu, ku Chilanga, kumene kuli akatswiri a Boma oona za tizirombo ta mbeu.